"To hear" kapena "to hearing"? Yankho kwa mlembi amene abwana anamukonzera kalata

Achemwali ena amene amagwira ntchito yolemba makalata mu ofesi anditumizira imelo. Ndaifupikitsa, koma funso lawo ndi ili: "Ndinalemba kalata yopita kwa kasitomala, kumapeto ndinaika kuti I look forward to hear from you. Abwana atawerenga anadula hear n'kulembapo hearing. Nditafunsa chifukwa chake anangoti ndi mmene zimakhalira. Komatu ife kusukulu tinaphunzira kuti mneni wobwera pambuyo pa to saphatikizidwa kanthu, monga to go, to eat, to write. Ndiye walakwa ndani, aphunzitsi anga kapena abwana?"

Achemwali, palibe amene wakunamizani. Abwana akonza bwino, ndipo aphunzitsi anu ananena zoona, kungoti anakuphunzitsani za "to" mmodzi pamene m'Chingerezi alipo awiri, olembedwa mofanana koma ogwira ntchito zosiyana. Ndakondwa kuti simunakhutire ndi yankho loti "ndi mmene zimakhalira", chifukwa munthu amene wangoloweza pamtima popanda kumvetsa amakonza chiganizo chimodzi lero, mawa n'kulakwitsa china cha mtundu womwewo.

"To" woyamba ndi amene mumamudziwa uja, woimirira kutsogolo kwa mneni wosasinthidwa: "I want to go", "She decided to stay". Wachiwiri ndi mperekezi, wosonyeza kumene chinthu chikulowera: "I went to the office", "Give it to her". Mperekezi aliyense m'Chingerezi amafuna dzina kapena mlowam'malo pambuyo pake. Tsono mneni akafuna kukhala pamalo amenewa, amatenga -ing kumapeto kuti agwire ntchito ya dzina. Lamulo limeneli mumalitsata kale tsiku ndi tsiku osaganizira n'komwe. Mumalemba "Thank you for coming", "She is good at writing", "He left without asking". Sindikhulupirira kuti munalembapo "Thank you for come", khutu lanu likanakana. Mu "look forward to", "to" uja ndi mperekezi chimodzimodzi "for", "at" ndi "without". N'chifukwa chake pamabwera "hearing".

Ife olankhula Chichewa sitiyenera kudabwa nazo, chifukwa "ku" wathu amachitanso zomwezo. Mu "ndikupita ku ofesi" akusonyeza malo, mu "ndikufuna kulemba" akuyambitsa mneni. Ngakhale m'Chingerezimo awiriwa ndi pachibale: m'Chingerezi chakale, cholankhulidwa zaka zoposa 900 zapitazo, "to" wa kutsogolo kwa mneni anali mperekezi yemweyo wosonyeza cholinga, ndipo tanthauzolo linapita lizilala mpaka anangotsala ngati chizindikiro. Chimene chimatipunthwitsa kwenikweni n'chakuti kwa ife mawu amodzi oti "kumva" amasenza ntchito zonse ziwiri. Timati "ndikufuna kumva", timatinso "kumva kwake n'kovuta", osasintha kalikonse. Chingerezi chimagawa ntchito imeneyi pakati pa "to hear" ndi "hearing", ndipo munthu amene akuganiza m'Chichewa polemba saona chifukwa chosankhira.

Nayi njira yodziwira "to" amene muli naye, ndipo ngati mungaiwale zina zonse m'nkhani ino, iyi yokha musaiwale. Chotsani mneni, ikanipo dzina kapena kamawu koti "it", muone ngati chiganizo chikumveka. "I look forward to the meeting" chikumveka. "I look forward to it" chikumvekanso. Ndiye kuti ameneyu ndi mperekezi, mneni atenga -ing. Yesani tsopano ndi "want": "I want to the meeting". Sichikumveka ngakhale pang'ono. "I hope to it", ayinso. Apa ndiye kuti ndi "to" wa aphunzitsi anu uja, ndipo mulemba "I want to meet you", "I hope to hear from you". Taonani kuti "I hope to hear from you" ndi "I look forward to hearing from you" zimakhala pamalo amodzi m'kalata, tanthauzo lake n'loyandikana, koma kamangidwe kake n'kosiyana. Ndikuganiza kuti anthu ambiri amalakwitsa chifukwa chosakaniza ziwirizi m'mutu.

Mukaizolowera njira imeneyi mupeza kuti "look forward to" ali ndi anzake ambiri amene amapezeka m'makalata a ntchito: "We are committed to improving our service", "I object to paying twice", "when it comes to hiring", "in addition to teaching". Onsewa amalola dzina pambuyo pa "to", choncho amafuna -ing. Wovuta kwambiri pagululi ndi "used to". "I used to work at night" ndiye kuti kale ndinkagwira ntchito usiku, pano ndinasiya. "I am used to working at night" ndiye kuti ndinazolowera, sizindivutanso. Kamawu ka "am" kokhako kasintha tanthauzo lonse, ndipo kalata yofunsira ntchito ikhoza kunena zosemphana ndi zimene mwini wake amafuna chifukwa cha kusiyana kumeneku.

Mawu atatuwa, "look", "forward" ndi "to", amayendera limodzi ngati mneni mmodzi, monga amachitira "put up with" kapena "run out of". Simungachotsepo amodzi kapena kusinthanitsa. "Look forward for your reply" n'kulakwitsa, "look forward your reply" n'kulakwitsanso. Mukafuna kutsindika, ikani chotsindikacho kutsogolo: "I very much look forward to meeting you", "I am really looking forward to it".

Simunafunse za kusiyana kwa "I look forward" ndi "I am looking forward", koma ndikudziwa kuti funso limeneli likubwera. Zonse ndi zolondola. Choyambacho n'chaulemu wa mu ofesi, choyenera kalata yopita kwa munthu amene simunadziwane naye, kwa kasitomala, kapena kwa amene mukufunsirako ntchito. Chachiwiricho n'chofunda, chimamveka ngati mtima uli m'mwamba ndithu, ndipo chimayenera mnzanu wa kuntchito kapena munthu amene mwalemberana naye kangapo. Palinso chofupikitsa, "Looking forward to seeing you", chopanda mwininkhani. Chimenechi n'chabwino mu uthenga wa pafoni kapena imelo ya anthu ozolowerana, koma m'kalata yomwe ili ndi chidindo cha kampani ine sindingachiike. Chimene ndikukupemphani kuti musiyiretu ndi "Am looking forward", kuchotsa "I" n'kusiya "am" ali yekha. Chafala kwambiri pa WhatsApp ndi Facebook, koma owerenga ambiri akachiona m'kalata amaona ngati wolembayo analibe nthawi yowalemekeza. Kumbukiraninso kuti "I look forward to hearing from you" ndi chiganizo chathunthu. Chimathera ndi mpumiro, kenako pamzere wina pamabwera "Yours sincerely" ngati munatchula dzina la munthuyo poyamba, kapena "Yours faithfully" ngati munayamba ndi "Dear Sir or Madam". Umu ndi mmene amalembera ku Britain. Ku America ambiri amangoti "Sincerely".

Tsopano pali nkhani imene imandikhudza kuposa ya -ing, chifukwa kulakwitsa -ing munthu amakumvetsanibe, koma kulakwitsa tanthauzo kumapweteka wowerenga. "Look forward to" sikungodikira chabe. Ndi kudikira ndi chimwemwe, kulakalaka kuti tsikulo lifike. Anthu awalemba mawuwa kumapeto kwa makalata mpaka ambiri anaiwala kuti ali ndi tanthauzo, amangowaika ngati mmene amaikira tsiku pamwamba. Ndiye mupeza kalata yoitana wantchito kuti akayankhe mlandu ikutha ndi "We look forward to seeing you". Taganizani mmene munthu amene ntchito yake ili pachiswe angamvere powerenga kuti mabwana ake akusangalala kuti tsikulo likubwera. Uthenga wa maliro, wa matenda, wochotsa munthu ntchito, wokana pempho, monsemu mawuwa alibe malo. Lembani zimene mukufuna mosazungulira, monga "Please confirm that you will attend".

Tanthauzo la chimwemweli limaoneka bwino mukawatembenuza. Munthu akati "I am not looking forward to Monday", sakunena kuti Lolemba silibwera, akunena kuti akuliopa kapena likumulemera mumtima. Akati "I was looking forward to meeting you", kawirikawiri ndiye kuti zalephereka ndipo wakhumudwa, n'chifukwa chake chiganizochi chimakhala bwino mu uthenga wopepesa kuti msonkhano wasinthidwa.

Pali ena amene amawagwiritsa ntchito pokakamiza mwaulemu, monga "I look forward to your prompt payment" polondola ngongole. Si kulakwitsa, ndipo wolandirayo amamva ndithu kuti akukumbutsidwa. Koma musadalire mawuwa kuti akubweretsereni yankho pa nthawi yake. "I look forward to hearing from you" sakupempha kanthu, satchula tsiku, ndipo munthu wotanganidwa amangowadumpha. Ngati yankho likufunika lisanafike tsiku linalake, nenani poyera, "Please reply by 15 June", kenako mawu aulemu aja atsatire ngati mukufuna.

Pa kalata yanu ija, samalaninso "from". "Hearing from you" ndi kulandira uthenga wochokera kwa munthuyo, "hearing you" ndi kumva mawu ake ndi khutu, pamene "hearing about you" ndi kumva mbiri yake kwa ena. Ngati wochita chinthucho ndi munthu winayo osati inu, mukhoza kulemba "We look forward to you joining us", kapena mwachikale pang'ono "your joining us". Zikakuvutani, tembenuzani chiganizo kuti wochita mukhale inu: "We look forward to welcoming you".

Ndipo mukamanga aneni awiri pa "to" mmodzi, onse atenge -ing. Apa ndi pamene amagwa ngakhale amene lamuloli amalidziwa bwino, chifukwa akafika pa mneni wachiwiri amakhala ataiwala mperekezi amene anamusiya kumbuyo. Amalemba "I look forward to meeting you and discuss the contract", pamene cholondola ndi "meeting you and discussing the contract". Kalata yotsatira musanaipereke kwa abwana, werengani chiganizo chomalizacho mpaka pa mpumiro, muone ngati mneni aliyense wodalira "to" ameneyu ali ndi -ing wake.