Pangano la Nowa ndi la ife anthu tokha? Nanga madzi osefukirawa bwanji?

Mayi wina wanditumizira imelo yokhala ndi mafunso awiri. Akuti m'busa wawo analalikira kuti pangano la Mulungu likukhudzanso nyama ndi dziko lonse, iwo sanamvetse, amaganiza kuti pangano ndi nkhani ya anthu okhulupirira basi. Funso lachiwiri ndi lolemera: ngati Mulungu analonjeza Nowa kuti sadzawononganso dziko ndi madzi, nanga bwanji madzi osefukira akuphabe anthu?

Zikomo kwambiri amayi, abusa anuwo sananame ayi. Tsegulani Genesis 9, muwerenge vesi 8 mpaka 17 pang'onopang'ono. Mulungu akulankhula ndi Nowa ndi ana ake, eya, koma akuti panganolo ndi la iwo, zidzukulu zawo, mbalame, ziweto, nyama zakutchire, chamoyo chilichonse chimene chinatuluka m'chingalawa, ndipo akubwereza mfundoyi kangapo kuti wina asadzanene kuti sanamve. Pa vesi 13 mpaka akuti utawaleza ndi chizindikiro pakati pa Iye ndi dziko lapansi.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi ichi. Pa Genesis 6:5 chigumula chikubwera chifukwa maganizo a munthu ndi oipa. Madzi ataphwa, pa 8:21, Mulungu akunenanso kuti mtima wa munthu ndi woipa kuyambira ubwana wake, ndiye pomwepo akulonjeza kuti sadzatembereranso nthaka chifukwa cha munthu. Mwaona? Munthu sanasinthe, chigumula sichinatsuke mtima wa aliyense, Nowa yemweyo m'chaputala 9 chomwecho akupezeka ataledzera. Ndiye kuti panganoli silinatsamire pa ubwino wathu, Mulungu anadzimanga yekha. Abrahamu anapatsidwa mdulidwe, Aisraele pa Sinai anapatsidwa malamulo oti asunge, koma utawaleza palibe munthu amene amaupachika kumwamba, ndipo vesi 16 ikuti ndi Mulungu mwini amene adzauyang'ane n'kukumbukira.

Nkhani ya zolengedwayi sinathere kwa Nowa. Eksodo 23:12 ikuti pa Sabata ng'ombe ndi bulu nazonso zipume, Levitiko 25 ikuti nthaka ipume chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, Hoseya 2:18 akulosera pangano ndi nyama, mbalame ndi zokwawa. Ena amati Yesu atabwera zonsezi zinatha ntchito, kwatsala kupulumutsa mizimu basi, ine apo sindivomereza ngakhale pang'ono. Chikho chimene Yesu ananyamula pa Luka 22:20 ndi cha pangano latsopano, ndipo Paulo pa Akolose 1:20 akuti mwazi wa pamtanda womwewo ukuyanjanitsa zinthu zonse, zapadziko ndi zakumwamba. Zonse ndithu. Choncho mkhristu wozunza chiweto kapena wothira zoipa mumtsinje akuwononga chinthu chimene Mulungu wake anachilumbirira.

Tsopano za madzi osefukira, apa sindikufuna kuyankha mopepuka chifukwa mwina mwalemba muli ndi chisoni. Lonjezo la pa Genesis 9:11 ndi lakuti zamoyo zonse sizidzafafanizidwanso ndi chigumula, dziko silidzathetsedwa ndi madzi. Silikunena kuti mtsinje sudzasefukiranso. Ndikudziwa kuti kwa munthu amene wataya mwana kapena nyumba kusiyanitsa kumeneku sikupukuta misozi, komabe kukutithandiza kukana bodza limodzi loopsa, loti amene akokoloka ndi madzi ndi ochimwa kuposa ena. Yesu anakana maganizo otere pa Luka 13, pokamba za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera. Paulo naye pa Aroma 8:22 akuvomera kuti chilengedwe chonse chikubuula ngati mayi wobereka, chikudikira kumasulidwa pamodzi ndi ife, sichinafike pomwe chikupita.

Mukapeza mpata muwerengenso Yesaya 54:9-10, pamene Mulungu akutonthoza anthu osweka mtima powakumbutsa lumbiro la masiku a Nowa lomweli. Ngati pali amene mwataya pa madzi, ndilembereninso amayi, tipemphere limodzi.