Akuti akufuna mwana wanga wa zaka 15 akakhale modelo ku Lusaka: ndimulole?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa muno m'Chipata. Anandilola kuyankha poyera bola ndisatchule dzina, ndipo ndafupikitsa mawu awo:

"Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 15, ali ku sekondale. Ndi wamtali ndipo anthu amamuyamikira. Bambo wina anaona zithunzi zake pa Facebook n'kumulembera kuti ali ndi agency ya mamodelo ku Lusaka. Akuti tilipire K1,500 ya portfolio (buku la zithunzi zoonetsa makasitomala), mwana apite akajambulidwe masiku awiri, pogona alipo. Akutinso ayambe watumiza zithunzi atavala zosambira kuti aone ngati thupi lake likuyenera. Nditanena kuti ndimuperekeza, anati makolo amachititsa ana manyazi pa kamera. Tsopano mwana sakudya, akuti ndikumutsekera mwayi. Inu mumajambula, kodi ndi mmene zimayendera?"

Mayi, si mmene zimayendera. Ndalamayo musatumize, mwana asakwere basi, ndipo zithunzi za zosambirazo asajambule n'komwe. Koma ndikudziwa kuti kukana kokha sikukuthandizani, chifukwa madzulo ano mukhala pakhonde ndi mwana wokwiya amene akufuna zifukwa.

Ndiyambe ndi zithunzi, poti ndi pamene ndimadyera. Ndajambula maukwati, ana omaliza sukulu ndi zovala za matelala a muno kwa zaka zambiri. Agency yeniyeni ikafuna kuona munthu watsopano sipempha chithunzi chokongoletsedwa. Imapempha zimene eni ntchitoyi amazitcha ma digitals: munthu ataima pakhoma loyera, kuwala kwa dzuwa, kumaso osadzola kanthu, tsitsi atamanga kumbuyo, atavala jinzi ndi sikipa wamba. Chimodzi cha nkhope, china cha chammbali, china ataima thupi lonse likuoneka. Aonjezepo kutalika kwake m'masentimita. Basi. Mungajambule nokha ndi foni kuseri kwa nyumba cha m'ma 7 koloko dzuwa lisanawawe, osatulutsa ngakhale ngwee imodzi. Iwo amafuna kuona munthuyo mmene Mulungu anamulengera, osati luso la wojambula. Apa ndikudziphera msika ndekha, koma zoona zake ndi zimenezo.

Nanga agency imapeza bwanji ndalama? Imapeza modelo akagwira ntchito. Kampani ya zovala kapena yotsatsa malonda ikalipira, agency imadulapo gawo lake, kawirikawiri 20 peresenti, yotsalayo n'kupita kwa modelo. Ndiye agency imene ili ndi makasitomala imasaka nkhope yoti idzaipezere ntchito. Imene ilibe makasitomala imasaka makolo oti alipire portfolio, ndalama yolembetsera, ndalama ya maphunziro a kayendedwe, mpaka thumba litauma. Kasitomala wa bambo ameneyu ndinu. Ndipo "pogona alipo" mufunse kuti akulipira ndani, chifukwa ngakhale ku ma agency akuluakulu akunja ndalama ya ndege ndi ya nyumba amailemba ngati ngongole ya modelo. Atsikana ambiri amabwerera kwawo ali ndi ngongole m'malo mwa malipiro.

Komatu K1,500 ikatayika mudzadandaula mwezi umodzi n'kuiwala. Zimene zandisowetsa tulo ndi ziwiri zinazo.

Munthu wamkulu amene akupempha mwana wa zaka 15 zithunzi za thupi lake kudzera mu inbox sakupima ntchito ayi. Akupima ngati mwanayo amamvera. Zimayamba ndi chithunzi chimodzi chooneka ngati chosalakwika. Mawa amati sichinaoneke bwino, tumiza china. Mkucha amapempha choposa pamenepo, ndipo mwana akakana amamuuza kuti zoyamba zija aziika m'magulupu a WhatsApp a kusukulu kwake, kapena azitumiza kwa abusa. Pofika apo mwana sangakuuzeninso kanthu chifukwa akuopa inu kuposa mmene akuopera munthuyo. Chithunzi chikachoka m'foni sichibwerera, ngakhale mutapita nacho kwa mfumu.

Zoti makolo amachititsa manyazi ndi bodza limene ine wojambula ndingalitsutse pamaso pa aliyense. Ana amanyazi ndawajambula ambiri. Mphindi 10 zoyamba amauma ngati chikuni, kenako amamasuka, mayi ake ali phee pampando kumbuyo kwanga akusewera ndi foni. Sindinaonepo chithunzi chitaonongeka chifukwa kholo linali m'chipinda. Wojambula amene akufuna kuti chitseko chitsekedwe iye ali ndi mwana wa eni, ali ndi chimene sakufuna kuti inu muone. Onjezanipo mtunda. Kuchoka pano kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, tsiku lathunthu m'basi pa Great East Road. Mwana akatsika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity madzulo, foni yatha moto, munthu yekhayo amene akumudziwa mumzinda monse ndi amene anamuitanayo. Adzakana chiyani?

Mwana wanu anganene kuti ife a kuno ku Chipata ndife otsalira, kunja sizitero. Muuzeni kuti kunjako ndi kumene anapsa nazo poyamba. Kate Moss, mmodzi wa mamodelo otchuka kwambiri a ku Britain, anamupeza pa bwalo la ndege ku New York mu 1988 ali ndi zaka 14. Atakula anafotokoza yekha kuti ali ndi zaka 16 anakakamizidwa kujambulidwa atavula malaya ndipo ankalira. Ameneyo ndi amene zinamuyendera, dziko lonse likumudziwa. Mu 2017 mtsikana wa ku Russia wa zaka 14, Vlada Dzyuba, anadwala n'kumwalira ku Shanghai ali pa kontirakiti ya modelling, kutali ndi makolo ake. Jean-Luc Brunel, Mfalansa amene anayendetsa ma agency a mamodelo kwa zaka zambiri ndipo anali mnzake wa Jeffrey Epstein (mpondamatiki wa ku America amene anamangidwa pa milandu yogwiritsa ntchito atsikana aang'ono pa zachiwerewere), anamangidwa ku Paris mu Disembala 2020 pa milandu yogwirira ana, ndipo anapezeka atafa m'ndende mu Febuluwale 2022 mlandu usanazengedwe. Ameneyu sanali wakuba wa pa Facebook. Anali ndi maofesi enieni ndi mayina akuluakulu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake eni ntchitoyi anayamba kudzimanga okha. Mu 2012 akonzi a magazini ya zamafashoni ya Vogue m'mayiko onse anagwirizana kuti asiye kugwiritsa ntchito mamodelo osakwana zaka 16. Mu 2013 boma la New York linakhazikitsa lamulo loti modelo wosakwana zaka 18 atetezedwe ngati ana ena ochita zisudzo: akhale ndi chilolezo, maola ogwira ntchito akhale ndi malire, wosakwana 16 akhale ndi wamkulu womuyang'anira, ndipo 15 peresenti ya malipiro ake isungidwe ku akaunti yake mpaka atakula. Mu 2018 kampani ya Condé Nast, mwini wake wa Vogue, inakweza zaka kufika pa 18, ndipo mu 2019 kampani ya Kering, mwini wake wa kampani ya zovala zapamwamba ya Gucci, inachitanso chimodzimodzi. Tsono ngati Gucci ikutha kudikira kuti mtsikana akwanitse 18, bambo wa mu inbox akuthamangira chiyani?

Kwathu kuno malamulo alipo, kungoti sitimawatchula. Malinga ndi malamulo a dziko la Zambia, aliyense amene sanapitirire zaka 18 ndi mwana, ndipo Children's Code Act ya 2022 inasonkhanitsa chitetezo cha ana pamodzi. Ndikutchula izi chifukwa ana athu akatenga reji (chiphaso cha unzika) pa zaka 16 amayamba kuyenda ngati akula, ndipo anthu ochenjera amawauza kuti akhoza kusaina okha mapepala. Reji si ukulu. Employment Code Act ya 2019 imalola ana a zaka 13 mpaka 15 ntchito zopepuka zokha zimene sizisokoneza thanzi ndi sukulu. Kupanga, kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za mwana ndi mlandu waukulu. Ndipo lamulo loletsa kugulitsa anthu la 2008 linalembedwa podziwa kuti nyambo yake nthawi zambiri imakhala lonjezo la ntchito yabwino kutali. Ife tili pafupi ndi malire a Mwami, nkhani zotere si zachilendo m'makutu mwathu.

Ndisadziyeretse. Zaka zingapo zapitazo mwini shopu ina ya zovala anandiitana kuti ndikajambule atsikana atatu atavala madiresi ake. Nditafika ndinapeza ana a sukulu, linali tsiku lapakati pa sabata, nthawi ya makalasi, popanda kholo ngakhale limodzi. Ankasinthira zovala kuseri kwa chitenje chimene wantchito wa m'shopu anagwirizira. Mtima unandiuza kuti apa palakwika, koma ndinkafuna ndalama ya lendi, ndiye ndinajambula. Palibe choipa chinachitika tsikulo. Patapita miyezi mmodzi wa amayi awo anandipeza, atanyamula foni, akundionetsa nkhope ya mwana wake pa tsamba lotsatsa malonda limene ngakhale ine sindinkalidziwa, pansi pake amuna akulemba zonyansa. Mwanayo anali atalipidwa diresi imodzi. Ndinasowa choyankha. Kuyambira pamenepo mwana wosakwana 18 sindimujambula za malonda popanda kholo kapena womulera ali pomwepo, ndi pepala losainidwa lonena kumene zithunzizo zikupita, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi ndalama zingati. Makasitomala ena anandithawa chifukwa cha pepala limeneli. Apite.

Tsopano za mwana wanu, ndipo apa ndikupemphani mudekhe. Musamumenye, musamulande foni, musamutche mayina. Mukatero adzabwereka foni ya mnzake n'kupitiriza mobisa, ndipo tsiku lina mudzangomva kuti wakwera basi ya m'mbandakucha. Kufuna kukhala modelo si uhule. Ndi ntchito ngati zina, ndipo mwana amene anthu amamuuza tsiku lililonse kuti ndi wokongola sangalephere kuiganizira. Khalani naye pansi, kapena ngati mawu anu sakulowa itanani azakhali ake kapena mlangizi amene amamukhulupirira, mumufunse modekha ngati watumiza kale chithunzi chilichonse. Akavomera, muuzeni kuti wolakwa si iye. Mauthengawo musafufute. Ajambuleni pa sikirini pamodzi ndi nambala ya foni ndi dzina la akaunti, mupite nawo ku Victim Support Unit ku polisi. Nambala ya Childline, 116, ndi yaulere, ndipo mwana akhoza kuimba yekha ngati pali zimene akuchita manyazi kukuuzani. Ngakhale asanatumize kanthu, ine ndikanakanena ndithu, chifukwa munthu wotere salembera mwana mmodzi.

Maganizo anga ndi akuti za agency zidikire mpaka amalize sukulu ndi kukwanitsa 18. Kutalika sikudzatha, nkhope sidzathawa. Pakali pano njala yakeyo ikhoza kuphedwa konkuno. Matelala a ku Kapata ndi ku Down Shops amasoka zitenje zokongola ndipo ambiri amafuna wowavalira kuti aike pa masamba awo, makamaka Nc'wala ikamayandikira mu Febuluwale kapena Kulamba mu Ogasiti. Sankhani telala amene mumamudziwa, mupite naye Loweruka, zovala zikhale za msinkhu wake, asinthire m'chipinda chotseka, ndipo muone chithunzi chilichonse chisanaikidwe pa intaneti. Asatchule dzina la sukulu yake kapena komboni imene mumakhala. Alipidwe ndalama, ngakhale yochepa, osati "tikutchukitsa". Pamenepo adzaphunziranso kuti ntchitoyi ndi kuima maola atatu padzuwa nsapato ikuluma, ndipo ena chilakolako chimathera pomwepo. Akachikondabe, Zambia Fashion Week ku Lusaka adzaipeza, inu muli pambali pake.

Ngati mwana akuumirirabe kuti bamboyo ndi woona, muyeseni bamboyo mwanayo akuona. Mulembereni pa foni yanu, osati ya mwana. Nenani kuti ndinu mayi ake, ndipo kuyambira lero zonse zidzere kwa inu. Funsani dzina limene kampani inalembetsa ku PACRA (bungwe la boma lolembetsa makampani), adiresi ya ofesi, ndi mayina a makampani awiri amene analembapo mamodelo ake chaka chino kuti muwaimbire nokha. Pemphani kontirakiti muiwerenge musanalipire kalikonse. Muuzeni kuti zithunzi zimene angalandire ndi za jinzi ndi sikipa basi, ndipo tsiku lojambula mudzakhala m'chipindamo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pamodzi ndi amalume ake. Mukatumiza, ikani foni pakati pa inu ndi mwana, mudikire limodzi. Mundilembere zimene ayankhe, ngati ayankhe n'komwe.