Nkhunda sinkadziwa adilesi, inkangobwerera kwawo

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti kale anthu ankatuma mbalame kukapereka makalata, komanso kuti mbalameyo inkalidziwa bwanji khomo la mwini kalata. N'zoona ndithu, ndipo zinachitika kwa zaka mazanamazana. Koma ena amafotokoza ngati kuti munthu ankainong'oneza mbalame dzina la mudzi, iyo n'kuuluka. Sizinali choncho.

Mbalame yake inali nkhunda, yofanana ndi zomwe timaweta pakhomozi, osati njiwa ya kutchire. Amene munakulira pakhomo pokhala ndi khola la nkhunda mukudziwa kale chinsinsi chonse. Kwathu agogo akagulitsa nkhunda kwa munthu wa mudzi woyandikana nawo, ankamuuza kuti akazithothole nthenga za m'mapiko ndi kuzitsekera kufikira zitazolowera. Akapanda kutero, m'mawa mwake tinkazipeza zili padenga pathu zikulira ngati sizinachoke. Nkhunda imakonda pamene pali chisa chake, mnzake ndi maunda ake. Khalidwe limeneli ndi lomwe anthu analigwiritsa ntchito.

Ndiye zinkayenda chonchi. Ngati ine ndili ku Zomba ndipo ndikufuna kudzamva za inu muli ku Lilongwe, ndikupatsani nkhunda za m'khola langa, muzinyamule m'dengu popita. Tsiku lomwe muli ndi uthenga, mulembe pa kapepala kopyapyala, mukamangirire kumwendo kapena ku nthenga ya kumchira, muitaye. Iyo sikudziwa kuti yanyamula kanthu, ikungothamangira kwawo. Kuti ine ndikuyankheni, ndiyenera kukhala ndi nkhunda za m'khola lanu. Ulendo wake unali wa mbali imodzi, ndipo nkhunda iliyonse ikafika, pankafunika munthu woinyamulanso kubwerera nayo.

Za mmene imapezera njira, akatswiri apeza kuti imayang'ana dzuwa, imamva mphamvu ya maginito ya dziko, imagwiritsa ntchito fungo lobwera ndi mphepo, ndipo ikayandikira dera lomwe ikulidziwa imatsata zizindikiro za pansi. Ofufuza a ku yunivesite ya Oxford anamangirira tizipangizo pa nkhunda n'kuona kuti zina zimalondola msewu, mpaka kukhota pamphambano. Nkhunda yophunzitsidwa bwino imauluka makilomita 70 kapena 80 pa ola, ndipo imatha kuyenda makilomita mazana angapo tsiku limodzi.

Amene anaikonza ntchitoyi kukhala positi ya boma yeniyeni anali mafumu achisilamu a ku Syria ndi Egypt. Nur ad-Din, m'zaka za m'ma 1100, anakhazikitsa makola m'mizinda yake, ndipo m'zaka za m'ma 1200 mfumu Baybars inakulitsa dongosololi. Anamanga nsanja za nkhunda m'njira, uthenga ukafika pa nsanja ina ankaumasula n'kuumangirira pa nkhunda ya nsanja yotsatira, mpaka ukafike ku Cairo.

Dzina la Reuters, lomwe timaliona pansi pa nkhani za kunja, nalonso linayamba ndi nkhunda. M'chaka cha 1850 nthambo za telegilamu zinali zisanalumikizane pakati pa Brussels ku Belgium ndi Aachen ku Germany, mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Paul Julius Reuter anaona mwayi pamenepo. Nkhunda za ku Aachen ankazikweza sitima kupita nazo ku Brussels, kumeneko n'kuzitaya zitanyamula mitengo ya pamsika wa masheya. Zinkafika maola angapo sitima ya makalata isanafike, ndipo kwa amalonda maola amenewo anali ndalama. Nthambo zitalumikizidwa, iye anasamukira ku London mu 1851.

Koma nkhani imene imandikhudza mtima kwambiri ndi ya mzinda wa Paris. Mu Seputembala 1870 asilikali a Prussia, ufumu wina wa ku Germany, anauzinga mzindawu, anadula nthambo zonse, ndipo anthu pafupifupi 2 miliyoni anatsekeredwa mkati mpaka kumapeto kwa Januwale 1871. Njala inafika poti anthu anadya akavalo, makoswe ngakhale njovu za kumalo osungirako nyama. Kutulutsa makalata anakwanitsa, chifukwa ankauluka ndi mabaluni akuluakulu onyamula anthu, oposa 60 pa nthawi yonseyi. Vuto linali yankho. Baluni imapita komwe mphepo yafuna, sungailunjikitse kuti ikatere mumzinda wozingidwa. Apa ndi pomwe oweta nkhunda a mu Paris anabwera ndi nzeru yoti baluni iliyonse izinyamula dengu la nkhunda zawo potuluka.

Tsono nkhunda imanyamula zochepa, pomwe ofuna kulankhula ndi abale awo anali miyandamiyanda. Katswiri wina wojambula zithunzi, René Dagron, anatuluka pa baluni mu Novembala 1870 ndi zida zake. Mauthenga ankawasindikiza pa chipepala chachikulu, n'kuchijambula mochepetsa kwambiri pa kafilimu kopyapyala kochepera chikhato cha mwana. Timafilimuto ankatipinda n'kutilowetsa mu tsinde lamphako la nthenga ya tsekwe, n'kumangirira kumchira wa nkhunda. Nkhunda imodzi inkanyamula mauthenga masauzande. Ikafika ku Paris, kafilimu ankakawalitsa pakhoma ndi nyale kuti zilembo zikule, akalaliki atakhala pamzere n'kumakopera uthenga uliwonse, kenako n'kukapereka m'makomo. Munthu wamba ankaloledwa mawu osapitirira 20, ndipo ankalipira pa liwu lililonse. Taganizani mayi amene mwana wake ali mkati mwa mzindawo, atapatsidwa mawu 20 okha. Angasankhe ati?

Musaganize kuti zinali zophweka. Chisanu cha chaka chimenecho chinali choopsa, kunali chifunga, akabawi ndi mfuti za adani. Mwa nkhunda zoposa 300 zimene zinatuluka, zobwerera sizinakwane 100. N'chifukwa chake uthenga umodzi ankautumiza mobwerezabwereza pa nkhunda zingapo kufikira atamva kuti wafika. Ine ndimaona kuti ulemu waukulu apa ndi wa oweta nkhundawo, anthu wamba omwe anapereka ziweto zawo akudziwa kuti zambiri sadzazionanso.

Pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse nkhunda zinagwirabe ntchito ngakhale kunali mafoni ndi mawailesi, chifukwa nthambo zinkaduka ndi mabomba, ndipo wailesi mdani ankatha kumvetsera. Yodziwika kwambiri ndi Cher Ami, yomwe mu Okutobala 1918, m'nkhalango ya Argonne ku France, inafikitsa uthenga itawomberedwa pachifuwa, mwendo ukulendewera. Mpaka lero thupi lake likusungidwa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Smithsonian mumzinda wa Washington. Pa nkhondo yachiwiri Britain inagwiritsa ntchito nkhunda pafupifupi 250,000, ndipo ndege zambiri zankhondo zinkanyamula nkhunda m'bokosi kuti zikagwera m'nyanja pakhale wokanena. Ina yotchedwa G.I. Joe, pa 18 Okutobala 1943, inauluka makilomita pafupifupi 32 m'mphindi 20 kukaletsa ndege zomwe zinali pafupi kunyamuka kukaphulitsa mudzi wa Calvi Vecchia ku Italy. Oyendetsa ndegezo sankadziwa kuti asilikali a Britain, anzawo omwe, anali atalowa kale m'mudzimo. Mendulo ya Dickin, yopatsidwa kwa nyama zolimba mtima, nkhunda 32 zinailandira.

Sizinali za nkhondo zokha. Ku New Zealand, sitima yapamadzi ya Wairarapa itasweka pa chilumba cha Great Barrier mu 1894 n'kupha anthu oposa 100, uthenga unatenga masiku atatu kuti ufike ku Auckland. Pofika 1897 anayambitsa positi ya nkhunda pakati pa chilumbacho ndi mzindawo, yomwe inadzakhala ndi masitampa akeake, ndipo inatha mu 1908 atayala nthambo pansi pa nyanja. Ku India, apolisi a m'chigawo cha Odisha anayamba kuweta nkhunda mu 1946, ndipo zinawathandiza pa namondwe wamkulu wa mu 1999 njira zina zonse zitaduka. Ndikawerenga zimenezi ndimakumbukira masiku a namondwe Freddy mu Malichi 2023, magetsi atazima, milatho itakokoloka, tikuyesa mafoni a abale a ku Mulanje ndi Phalombe osapezeka. Amene anadikirapo uthenga m'masiku amenewo angamvetse chifukwa chake anthu a ku Paris ankayang'anitsitsa kumwamba.

Kuno kummwera kwa Africa, pa nthawi imene tauni ya Ladysmith inazingidwa mu 1899, nkhunda zinkanyamula mauthenga kupita ku Durban. Ndipo mu 2009 kampani ina ya ku South Africa, itatopa ndi intaneti yochedwa, inamangirira kamemori khadi ka 4GB pa nkhunda yotchedwa Winston kuchokera ku Howick kupita kufupi ndi Durban, makilomita pafupifupi 80. Kuuluka pamodzi ndi kukopera zonse mu kompyuta zinatenga maola awiri ndi mphindi zochepa. Pa nthawi yomweyo intaneti inali itatumiza magawo 4 okha pa 100 alionse.

Ngati muli ndi khola pakhomo ndipo mukufuna ana aone okha, yesani. Sankhani nkhunda yoswedwera m'khola lanu lomwelo, osati yogula itakula. Muitenge m'mawa isanadye, kunja kuli kowala bwino, mupite nayo kilomita imodzi, muitaye, wina atsale pakhomo ndi chimanga kapena mapira. Mawa lake muonjezere mtunda, mbali inanso, pang'onopang'ono choncho. Nkhunda zathu zakumudzi sizingafike mitunda ya zija za mpikisano za ku Belgium, choncho musapite nazo kutali msanga. Kapepalako kakhale kakang'ono, ndipo ulusi musamange mothina kuti ungavulaze mwendo.