Kodi maphunziro omenyana a asilikali angakutetezeni?

Wowerenga wina wandilembera imelo kufunsa ngati alowe maphunziro a masabata awiri omwe akuti ndi "a usilikali" kuti azitha kudziteteza, kapena ayambe judo, masewera ogwetsana ochokera ku Japan. Funsoli landifika pamtima chifukwa inenso ndinataya zaka ziwiri pa maphunziro otchedwa a usilikali ngati amenewo.

Mphunzitsi wathu ankavala yunifolomu yamawangamawanga, ndipo tsiku lililonse ankatisonyeza kalandidwe ka mpeni, koma mnzako wogwira mpeniyo ankangoima chilili, dzanja lili m'mwamba, kudikira kuti umupotokole. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndakhwima. Tsiku limene ndinayesana ndi mnyamata wa judo yemwe sankandilekerera, anandigwetsa katatu ndisanamugwire n'komwe malaya, ndipo njira zonse zimene ndinaloweza zinandithawa m'mutu. Mpaka lero zimandiwawa kuti ophunzira anzanga ena anachoka kumeneko akuganiza kuti angalimbane ndi munthu wa mpeni.

Anthu ambiri sadziwa chifukwa chimene maphunziro a asilikali amakhalira aafupi. William Fairbairn, yemwe anali wapolisi ku Shanghai, ataitanidwa kuphunzitsa makomando (asilikali apadera) a Britain pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anali ndi masiku owerengeka, choncho anasankha njira zochepa zoti munthu azikumbukira mantha atamugwira. Msilikali ali ndi mfuti komanso anzake pambali pake. Manja amabwera zonse zikakanika. Inu mulibe zimenezo, ndipo lamulo silikulolani kuchita zimene iye amaphunzitsidwa.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti ogulitsa maphunzirowa amabisa komwe akatswiri enieni anachokera. Imi Lichtenfeld, amene anayamba kuphunzitsa asilikali a Israel mu 1948 ndi kukhazikitsa Krav Maga, njira yomenyana ya asilikali a dzikolo, anali kale katswiri wa nkhonya ndi kulimbana mumzinda wa Bratislava, ku Slovakia. Matt Larsen atayamba kukonzanso maphunziro a gulu la asilikali la Rangers ku America mu 1995, anatenga maziko ake ku jiu-jitsu ya ku Brazil, masewera olimbana pansi, chifukwa m'masewerawo asilikali amatha kulimbana ndi mphamvu zawo zonse popanda kuvulazana kwambiri.

Yankho langa

Yambani judo, bwenzi langa, ndipo mupirire chaka chathunthu. Ngati mukufunabe maphunziro enawo, kaonereni kaye tsiku limodzi, ndipo mukapeza kuti woukirayo sakana kugwetsedwa, musalipire.