Mafayilo anu a .wps sanawonongeke, musawafufute

Achimwene, mwati makalata a mpingo omwe munalemba kale akukana kutseguka chiikireni Windows 11, ndipo mayina ake akuthera ndi .wps. Mtima pansi. Amenewo analembedwa ndi Microsoft Works, pulogalamu imene Microsoft inasiya kupanga kalekale. Poika Windows yatsopano, Works inapita nawo, ndiye kompyuta ikusowa chowatsegulira. Word ya masiku ano nayonso nthawi zambiri imawakana.

Choyamba, koperani foda yonseyo pa flash. Ine ndinataya makalata a malemu bambo anga chifukwa chosintha .wps kukhala .doc pamanja kenako n'kusunga pomwepo. Panatsala timabokosi ndi zizindikiro zokhazokha. Zimandiwawabe mpaka lero.

Kenako ikani pulogalamu ya LibreOffice, imene imatha kutsegula mafayilo a Works, ndi yaulere. Tsegulani Writer, gawo lake lolembera makalata, pitani pa File, Open, musankhe fayiloyo kuchokera mmenemo, osangoidina kawiri ayi. Ikatseguka, isungeni mwatsopano ngati .docx, ndipo zofunika kwambiri muzisungenso ngati PDF. Matebulo mwina asokonekera pang'ono, koma mawu onse mudzawapeza.

Yambani ndi fayilo imodzi, mundiuze mmene zayendera.