Chifukwa chake dzina la fayilo la Chikoreya limamwazikana

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji fayilo yomwe mnzanu wa ku Seoul anakutumizirani, dzina lake likuoneka ㅎㅏㄴㄱㅡㄹ m'malo mwa 한글. Mtima m'malo, si vairasi ayi.

Akoreya samandandalika zilembo ngati ife. Amaziunjika m'kabokosi, ndipo kabokosi kalikonse ndi phatikizo limodzi: konsonanti yoyamba, vawelo, kenako konsonanti yotsekera ngati ilipo. Mu Unicode, mndandanda umene umapatsa chilembo chilichonse nambala yake pa kompyuta, anasunga maphatikizo 11,172 omangamanga kale, kuyambira pa nambala yolembedwa U+AC00 mpaka U+D7A3. Nambalayi sinangogwa kumwamba. Makonsonanti oyamba alipo 19, mavawelo 21, otsekera 27, kuphatikizapo mwayi wosatsekera n'komwe, kukhala 28. Chulukitsani 19, 21 ndi 28, mupeza 11,172.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti anawayala mwadongosolo moti mutha kuwerengera pa pepala. Tengani 한. Powerenga kuyambira pa 0, ㅎ ali pa 18, ㅏ pa 0, ㄴ wotsekera pa 4. Chulukitsani 18 ndi 588 (ndiye 21 kuchulukitsa ndi 28), mupeza 10,584, vawelo ya pa 0 sionjezera kanthu, onjezerani 4, onjezeraninso 44,032 pomwe mndandanda umayambira. Yankho ndi 54,620, yomwe ndi U+D55C. Ndi 한 ameneyo, ndendende.

Koma Unicode yomweyo imalolanso kulemba 한 ngati zidutswa zitatu zotsatizana, zotchedwa jamo, n'kusiyira pulogalamu ntchito yoziphatikiza poonetsa. Njira yomangiratu ndi NFC, yomasula ndi NFD. Makompyuta a Mac akhala akusunga mayina a mafayilo momasula, ndiye fayilo ikafika pa Windows, pena zidutswazo zimangoima chilichonse pachokha. Ndikukhulupirira mnzanuyo ali ndi Mac, kamufunseni. Ngakhale ŵ wathu wa mu Malaŵi ali ndi khalidwe lomweli, atha kukhala chilembo chimodzi kapena w ndi kachipewa kake padera.

Kale zinali zovuta kuposa apa. Mndandanda wa zilembo za pa kompyuta wa ku South Korea wa 1987, KS C 5601, unali ndi maphatikizo 2,350 okha, moti ena ngati 똠 sankalembeka n'komwe.

Kukonza kwake n'kosavuta. Lembaninso dzinalo pa Windows pompo, libwerera mwakale. Ngati mafayilo ndi ambirimbiri, pa Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, pali chida chotchedwa unicodedata.normalize, mungoyiuza kuti NFC n'kudutsitsamo mayina onse.