Kwa achemwali ogulitsa mpunga mumsika wa Zomba: chigoba chanu musachimenye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wogulitsa mpunga ndi nyemba mumsika waukulu wa Zomba. Analemba motere: "Anzanga ambiri pamzere pathu anachimenya pansi chigoba kuti chizilowa mpunga wochepa. Ena amasakaniza mpunga wamba ndi Kilombero n'kumauza anthu kuti ndi Kilombero yekhayekha. Ine sindichita zimenezi, koma phindu langa n'lochepa ndipo fizi ya ana ikundidikira. Akuluakulu akuba mamiliyoni osamangidwa. Nanga ine ndikuvutikiranji ndi chilungamo pa kapu imodzi ya mpunga?"

Achemwali, sindikunamizani kuti chilungamo chikulemeretsani mwezi uno. Pa thumba limodzi mnzanu wachigoba chomenya amatulutsa miyezo yambiri kuposa inu, ndipo madzulo m'chitenje mwake mumalemera. Mukutayadi ndalama, ndipo zikundipweteka kuti mukuzitaya chifukwa chochita bwino.

Koma mundilole ndikuuzeni zomwe ndinaona kwathu ndili mnyamata. Bambo anga ankalima nandolo. Chaka china tinayeza thumba pa sikelo ya agolosale, linakwana makilogalamu 50. Titafika kwa venda amene anakoleka sikelo yake pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu, muvi unaima pa 44. Bambo anatsutsa, venda anangoti, "Madala, ngati simukufuna nyamulani." Kunyumba kunalibe mchere, ndiye anagulitsa. Chaka chotsatira ndinawaona bambo anga omwewo, munthu wosajomba kutchalitchi, akuthira mchenga pakati pa thumba usiku. Ine ndi amene ndinagwira nyali. Sanandiyang'ane m'maso.

Mudzi wonse unaphunzira zomwezo. Mavenda atazindikira, anayamba kukhuthula thumba lililonse pansi, kupeta, n'kudula mtengo ponena kuti katundu wa kwathu ndi wa zinyalala. Ngakhale agogo amene sanathirepo kamwala ankalandira mtengo wa anthu akuba. Ndi zimene zikubwera pamzere panu: ogula akadzadziwa kuti zigoba za pamenepo n'zomenya, adzayamba kunenerera mtengo mpaka pansi, kapena kupita kukagula ku Songani ndi ku Thondwe.

Za akuluakulu mwanenazo, tiyeni tizione bwino. Cashgate ya mu 2013 ku Capital Hill sinali matsenga ayi. Anthu ankalowetsa mu kompyuta za boma, mu ndondomeko yolipirira ndalama za boma yotchedwa IFMIS, malipiro opita ku makampani amene sanapereke katundu aliyense, cheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta zomwe analembazo. Akatswiri owerengera ndalama a kampani ya Baker Tilly atafufuza malipiro a miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala, anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinapita. Mayiko otithandiza, amene ankapereka pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, anaimitsa thandizo, ndipo amene anamva kuwawa ndi odwala m'zipatala zosowa mankhwala. Tsono taganizirani: cheke chimodzi chinkadutsa m'manja angati chisanafike kubanki? Wolemba, wosainira, wodinda, wokatapa. Ambiri mwa iwo sanali mabwana. Aliyense ankadziuza mawu aja akuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Kulandira ndalama ya katundu amene sunapereke ndi mlandu umodzi, kaya ndi pa cheke kaya ndi pa chigoba.

Mwambi wa mbuziwo ine umandinyansa. Munthu si mbuzi, ndipo chingwe chimene amati wamangidwa nachocho ndi udindo umene anthu anam'patsa pomukhulupirira.

Komanso si zoona kuti onse a pamwamba anagonja. Pa 3 Febuluwale 2020, oweruza asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Mike Tembo, anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019, chija mapepala ake anadzaza Tipp-Ex. Mlandu uli mkati panali oyesa kuwapatsa ziphuphu, ndipo nkhaniyo inakatulidwa ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB m'malo moti ithere m'thumba. Akanalandira, sitikanavotanso pa 23 Juni chaka chomwecho. Ndipo konkuno ku Zomba, mu Malichi 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ophunzira a ku Chancellor College anayenda mumsewu kuikira kumbuyo kalatayo, pa nthawi imene kutsegula pakamwa kunkatengetsa munthu ku ndende ya Mikuyu. Anawo analibe udindo uliwonse, ndipo akanatha kutaya sukulu ngakhalenso moyo.

Tsopano za fizi, pakuti ana sadya mbiri ya dziko. Cholakwika chimene ndikuchiona n'chakuti chilungamo chanu mukuchibisa. Wogula akafika amaona zigoba zofanana, sadziwa kuti chanu n'chodzaza. Muonetseni. Tembenuzani chigoba aone pansi pake musanayeze. Mpatseni ayeze yekha. Ngati mungathe, sungani pang'onopang'ono mugule sikelo, ndipo ikhale yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, amene ntchito yoona za masikelo ndi yawo. Kilombero muike payekha, wamba payekha, uliwonse ndi mtengo wake, ndipo wa Kilombero musachite nawo manyazi kukweza. Mayi wodziwa kuphika amaununkhiza m'manja, akakauphika fungo likadzaza nyumba amabweranso.

Muyang'anenso ogula obwerezabwereza: amalesitilanti, amayi ophikira ophunzira ku Chikanda, a zaukwati ndi zinkhoswe. Amenewa amagula zambiri ndipo atopa n'kupusitsidwa. Akakudziwani amangoimba foni n'kutuma wakabaza, ndalama n'kutumiza pa foni osaona n'komwe katunduyo. Wachigoba chomenya sangatumiridwe ndalama chotero.

Nkhani ya zigobayo mukaitule ku komiti ya msika, koma musapite nokha, ndipo musatchule munthu dzina. Pezani anzanu awiri kapena atatu amene nawonso zikuwawawa mumtima, mukapemphe kuti mzere wonse ukhale ndi muyezo umodzi. Alipo, kungoti aliyense akuganiza kuti watsala yekha ngati mmene mukuganizira inumu.

Loweruka ndikubwera kudzagula mpunga wa mwezi uno. Mundilembere mzere umene mumakhala.